Diso la Mzinga wa Amayi

Bambo anga dzina ali nalo ndithu, koma m'nyumba mwathu timawatchula kuti a Ndikubwera. Anawapatsa dzinali ndi amayi, ndipo sanawanamizire.

Amayi anali mphunzitsi, ndipo anali ndi telesikopu yakalekale yomwe anaigula kumsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Chinali chichubu choyera, chosupuka penti m'mbali, choima pa miyendo itatu yamatabwa. Ife tinkangoti mzinga. Dzuwa likangolowa, amayi ankautulutsa pakhonde la nyumba yathu yam'mwamba, n'kukankhira zovala zoyanika mbali ina, n'kuyamba kusuzumira. Pakapita kanthawi ankaitana kuti, "Bambo, tabwerani mudzaone." Bambo, ali phee pampando wawo, wailesi ili kukhutu, ankayankha kuti, "Ndikubwera." Tonse timadziwa kuti munthu akati ndikubwera ndiye kuti akupita. Koma bambo ngakhale kupitako sankapita, ankangokhala pomwepo.

Chimene amayi ankachikonda kwambiri chinali nyenyezi ina yomwe ankati si nyenyezi koma dziko, lozunguliridwa ndi mphete, dzina lake Satani. Bambo atangomva dzinalo anapezerapo pothawira. Ankati iwo ndi munthu wopemphera, sangasiye mpira uli mkati kuti akasuzumire Satana, ndipo ngati wavala mphete ndiye kuti ndi wapabanja, amusiye. Amayi ankaseka mpaka mzinga kugwedezeka, mawa lake n'kuitananso. Zinayenda choncho mpaka amayi anatisiya chaka chatha.

Posachedwapa dokotala wa maso anauza bambo, ine ndili pomwepo, kuti diso lakumanzere latha ntchito, lakumanja likutsatira, ndipo mankhwala angolichedwetsa basi. Titabwerera kunyumba bambo analunjika ku kabati yam'kholido, n'kutulutsa mzinga ali wefuwefu.

"Tsabola," anatero, "uja wa mphete amaoneka liti?"

Tsabola ndine. Ati mtima wanga ndi wapachala. Ine sindikuona choncho, anthu ndi amene amandiputa dala.

Ndinafufuza pafoni n'kupeza kuti miyezi inoyi Satani akuoneka madzulo, kenako abisala mpaka chaka chamawa. Za chaka chamawazo sindinawauze bambo, ndipo iwo sanafunse. Tonse tinadziwa kuti diso lawolo mwina silidikira.

Vuto linali maso a mzingawo. Kumapeto kwake, kumene munthu amasuzumira, kumalowa kachubu kakafupi kokhala ndi magalasi, kochotseka, ndipo amayi ankakatchula kuti diso. Maso amenewa ankawasunga m'chitini cha mabisiketi. Titatsegula chitinicho tinapeza onse achita chuku mkati, ukasuzumira ukungoona utsi. Bambo anati nawonso tiwatengere kwa dokotala, mwina apatsidwa mankhwala odontheza. Chokhacho chimene chinali choyera bwino chinali kagalasi kakuda bii, kojambulidwa dzuwa pambali.

Pomwepo bambo anakhazikitsa lamulo. Pansi pa mzinga pali kagudumu komwe ukapotokola, chubu chogwira diso lija chimalowa kapena kutuluka mpaka chithunzi chioneke bwino. Pa chubucho amayi anajambulapo kamzere kofiira ndi penti wa zikhadabo, posonyeza pamene diso lawo linkaonera bwino, ndipo chinali chidakali pomwepo. Bambo anati tigwire paliponse, tipukute, tisinthe zosintha, koma kagudumu ako ayi. Anakasiya pamenepo ndi amayi.

Nkhani yogula maso atsopano anailanda achimwene anga. Achimwene amagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi ndipo chilichonse amagula pafoni, ngakhale masokosi. Ndinawafunsa ngati ayeza pakamwa pa mzinga, iwo anandiseka, ati diso ndi diso. Anasankha lamphamvu kuposa onse, lolembedwa nambala folo, n'kuwonjezerapo kachubu kena kowirikiza mphamvuyo. Ati ndi zimenezi tiona ngakhale zikhadabo za Satana.

Katundu atafika tinasonkhana patebulo ngati tikutsegula mphatso yaukwati. Diso linali lokongola, lakuda, lolemera m'dzanja. Achimwene analiika pakamwa pa mzinga, silinalowe. Analitembenuza, silinalowe. Anayamba kulikankha ndi chikhatho, mzinga n'kumalira, ine ndinawamenya padzanja ngati mwana wotola nyama m'poto. Linali lonenepa, ndipo pakamwapo panali popapatiza, kusiyana kwake koonekeratu ngakhale kwa bambo a diso limodzi. Achimwene anati tipale m'mbali ndi tupa. Nditawayang'ana anasintha, anati ndiye timate ndi selotepi. Bambo anagwedeza mutu n'kunena kuti mkazi wanenepa, khomo n'lowonda, ukwati umenewu sutheka.

Loweruka ndinakulunga mzinga m'nsalu yapabedi kuti ndikaonetse kusitolo ya makamera. Bambo anavala jekete, ati akandiperekeze, koma ndinadziwa kuti akukalondera kagudumu. M'basi anthu ankatipatsa malo mwaulemu wachilendo. Mayi wina anafunsa ngati chinthucho chili ndi zipolopolo, bambo anamuyankha kuti ayi, n'choonera Satana, mayiyo n'kusamukira kumbuyo.

Sitoloyo ndi yopanikizika, ili pakati pa famase ndi kachipinda ka wodula makiyi. Mwini wake ndi mkulu wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi, ndipo onse awiri amawafunafuna. Atavundukula mzinga anamwetulira ngati waona mnzake wa kusukulu. Anafotokoza kuti mizinga yakale ya ophunzira inkapangidwa ndi pakamwa popapatiza, pomwe maso a masiku ano onse ndi onenepa. Maso owonda alipo apo ndi apo, koma ambiri ndi osalongosoka, ndiye kuli bwino kugula chigongono. Anachitulutsa m'dirowa: kachitsulo kopindika ngati chigongono ndithu, kokhala ndi kalilole mkati, mbali imodzi kowonda kuti kalowe mu mzinga, mbali ina kotakasuka kuti kalandire diso lonenepa. Anati kathandizanso khosi la bambo, chifukwa azisuzumira chowerama m'malo mogwada pansi.

Ndinamuonetsa nambala folo ya achimwene. Anati diso lake n'labwino, koma si la mzinga uwu. Pa maso amenewa nambala ikachepa ndiye kuti mphamvu yachuluka, ndipo mzinga waung'ono ukaupatsa mphamvu yoposa msinkhu wake chithunzi chimada, chimanjenjemera, ndipo kabowo kosuzumirapo kamakhala ngati ka singano. Anatisankhira awiri: twente faifi, lotakasuka, lofufuzira chinthu kumwamba, ndi teni loonera mphete. Folo uja anavomera kusinthanitsa. Kachubu kowirikiza mphamvu anati tikasunge m'kabati, kapena tikapatse munthu amene sitimukonda.

Kagalasi kakuda kam'chitini kaja atakaona, nkhope inasintha. Anati timeneti ankatiika kale kuti anthu aziyang'anira dzuwa, koma timasweka ndi kutentha munthu ali mkati mosuzumira, diso n'kupsa pomwepo. Bambo anati iwo latsala limodzi, alibe loti aotche, ndipo anakaponya okha m'bini.

Kenako mkuluyo anaika chigongono ndi diso, n'kulozetsa mzinga pa chikwangwani cha kutsidya kwa msewu kuti ayese. Dzanja lake litangoyandikira kagudumu, la bambo linali litafika kale. Sanamenye, anangogwira. Mkuluyo anayang'ana kamzere kofiira, anayang'ana bambo, n'kubweza dzanja osafunsa kanthu. Pokulunga katundu anandinong'oneza kuti chigongono chimatalikitsa njira ya kuwala, choncho chubu chiyenera kulowa mkati ndithu, ndipo kamzereko kalowa nawo. Popanda kutero palibe chimene tione. Mawu amenewa ndinayenda nawo pakhosi mpaka kunyumba.

Madzulo ake kumwamba kunali koyera. Dzuwa litangolowa tinatulutsa mzinga pakhonde, ine n'kukankhira zovala mbali ina monga ankachitira amayi. Pansi mumsewu ogulitsa anali akulongedza, ana a nyumba yoyandikana akuitanidwa kukasamba. Achimwene anabwera, ati atsogolere ntchito. Analozetsa, anasuzumira, n'kulengeza kuti amupeza, ndi wofiira ndipo akuphethira. Inali nyali ya pansanja ya mafoni.

Ndinawasuntha. Pamwamba pa mzinga pali kamzinga kakang'ono kolozera, ndipo ndi kameneko ndinapeza kanyenyezi kachikasu, kosaphethira, pamwamba pa denga la sukulu. Ndinakaika pakati ndi twente faifi, kenako ndinasintha n'kuika teni. Nditasuzumira ndinaona chimene ndinkaopa: chigamba cha kuwala chopanda m'mbali, ngati dontho la mafuta pa msuzi.

Bambo anavula magalasi, anapukuta diso lakumanja ndi mpango, n'kuwerama. Anakhala kanthawi.

"Eya," anatero. "Ndamuona. Mphete yake ndi iyo. Wokongola ndithu."

Anaweramuka n'kuyamba kufunafuna magalasi m'thumba, ngati munthu amene wamaliza ntchito. Achimwene ananditsinzinira diso kuti ndizisiye, mkulu wasangalala. Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana zovala zapachingwe. Koma ndinaganiza za nsalu yapabedi ija m'basi, za dokotala, za amayi ataima pakhonde lomweli akuitana munthu wosabwera, ndipo mtima unandipsa.

"Bambo, limenelo ndi bodza. Palibe chimene mwaona. Amayi munawanamiza zaka zonsezi kuti mukubwera, lero mukufuna muwanamizenso kuti mwafika?"

Achimwene anayang'ana pansi. Ine manyazi anandigwira nthawi yomweyo, chifukwa bambo anaoneka okalamba kwambiri opanda magalasi, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa tsiku la kwa dokotala lija. Koma mawu anali atatuluka, ndiye ndinangomaliza. Ndinawauza zimene ananena mkulu wa makamera, kuti kamzereko sikafufutika, kangolowa mkati, ndipo kakapanda kulowa mphete saiona.

Bambo sanandikalipire. Anapapasa chubu ndi chala mpaka anapeza pamene penti anatumphuka, n'kusisitapo. Anati amakumbukira tsiku limene amayi ankajambula kamzereko, nyumba yonse inanunkha penti ndipo iwo anadandaula kuti akuwasokoneza mpira. Kenako anaweramanso, diso pa diso, dzanja pa kagudumu.

Anapotokola pang'onopang'ono. Kagudumu kanali kouma, kanalira. Ine ndinkangoyang'ana kamzere kofiira kakuyandikira pakamwa pa mzinga, kakuchepa, mpaka kanalowa. Bambo anapitiriza, anapitirira, anabwerera pang'ono, n'kuima. Mapewa awo anagwedezeka, ndipo ndinkaganiza kuti akulira, koma ankaseka.

"Kakang'ono chonchi? Zaka zonsezi ankandiitanira kanjere ka mpunga kovala chipewa?"

Pamenepo ndinadziwa kuti amuonadi. Koma diso sanalichotse. Anati mphete ija siikhudza thupi, pali kampata kakuda pakati, ndipo anafunsa kuti nanga imagwira pati. Kanjereko kankatsetsereka kuthawira m'mbali, ine n'kumasuntha mzinga pang'ono kuti kabwerere pakati, iwo n'kumandiuza kuti basi, basi, pomwepo. Achimwene anapempha kuti aoneko. Bambo anati adikire, achimwenewo maso ali nawo awiri ndipo chaka chamawa chilipo.

Ndinalowa m'nyumba kukatereka tiyi, komanso kuti asaone nkhope yanga. Achimwene ananditsatira, akung'ung'udza kuti ndi folo uja akanaona zambiri. Ndinathira tiyi, ndinaika kapu ya bambo pakatebulo pafupi ndi mpando wawo, pamene wailesi inali itangokhala yosayatsa. Nditaona kuti akuzizira ndinapita pakhomo la khonde.

"Bambo, tiyi akuzizira."

Ndinayembekezera yankho lija la masiku onse, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuwaseka. Koma sanandimve n'komwe. Anali chiweramire, dzanja lidakali pa kagudumu, akuyankhula motsitsa, osati ndi ine.

"Ndabwera, mayi. Ndachedwa, koma ndabwera."

Ndinatenga kapu ija n'kubwerera nayo kukhitchini kuti ndikatenthetsenso.