Maulendo a Loweruka a bambo a Martina

Amuna anga, a Jasten, boma linawatumiza ku Mangalande mu 1978 kukawonjezera maphunziro a uphunzitsi kwa chaka chimodzi. Ine ndinatsala kwathu ku Phalula ndi mwana wathu Martina ndi munda wa chimanga. Makalata awo ankafika atatsegulidwa kale n'kumatidwanso, choncho sankalemba zambiri. Koma zochepa zomwezo zinandizunguza mutu.

Kalata yachitatu inati: "Loweruka ndinakwera basi yotchipa kupita kumudzi wina kunja kwa tauni. Ndinazungulira, ndinaona nyumba ndi tchalitchi, ndinadya buledi amene ndinanyamula, madzulo n'kubwerera."

Ndinawerenga kawiri. Kumudzi kwa yani? Kunali maliro? Sanatchule munthu ngakhale mmodzi. Kalata yotsatira inali ndi mudzi wina, yotsatiranso mudzi winanso. Ine ndinabadwira m'mudzi, ndipo ndikudziwa kuti munthu sapita kumudzi kwa eni popanda chifukwa. Amapita ndi uthenga, kapena kukazonda matenda, kapena kukagula mbuzi. Koma mwamuna akamazungulira midzi Loweruka lililonse atavala jekete, kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa chimene akufuna.

Ndinapita nawo makalatawo kwa amalume anga a Blasius, amene ndi ankhoswe athu. A Blasius chibadwire sanakayikepo chinthu.

"Midzi itatu, Maloweruka atatu," anatero. "Ameneyu akufunafuna mbeta, Dalesi. Nanga iwe anakupeza bwanji? Si momwemu?"

Zinali zoona. A Jasten kwawo ndi ku Rivirivi, ndipo anandipeza akungoyendayenda chonchi panjinga yobwereka.

Kenaka kunabwera chithunzi. A Jasten ataima kutsogolo kwa kanyumba kofolera udzu, maluwa mbali zonse. Ine ndinkadziwa kuti azungu amagona m'nyumba zamalata zokhazokha.

"Wamanga kale," anatero a Blasius. "Mkamwini amayamba ndi nyumba. Ndipo tandiuza, wamujambulayo ndani? Utsi sufuka popanda moto."

Ndisanapume, kalata ina. "Kukagwa mvula ndimapita kumiziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, chifukwa salipiritsa ndipo mkati mumafunda. Mmenemo ndinapeza lichero ndi mtondo zochokera kwathu ku Shire, azitsekera m'galasi. Ndinaima pomwepo mpaka mlonda anandiuza kuti akutseka."

Apa ndiye ndinasokonezeka zenizeni. Lichero alitsekera m'galasi, ndiye apetera chiyani? Ndipo a Jasten, munthu amene zaka zisanu ndi chimodzi ankalumpha lichero langa pakhonde osaliona, lero akuliyang'ana mpaka kuthamangitsidwa? A Blasius anati akusankhira mkazi watsopanoyo ziwiya. Anakhala pansi n'kulemba kalata yaukali, yoti a Jasten asankhe: asiye midziyo kapena ukwati uthere pomwepo. Anandipatsa kuti ndikaponye ku Balaka.

Ndinali wokwiya, komanso ndinkaopa. Amuna anga ndinkawakonda, ndipo kalata ikalowa m'bokosi sibwerera.

Loweruka ndinafika ku Balaka, kalata ya a Blasius, makalata a amuna anga ndi khadi yachipani zili m'kachikwama. Positi inali pomwepo, koma ndinaidutsa. Padepoti panali basi ya ku Liwonde, ndipo mumtima ndinati, bwanji ndikayese ndekha zimene akuchitazi, mwina ndingazimvetse. Ndinagula buledi n'kukwera.

Ndinatsika titawoloka mlatho, n'kutsata kanjira kolowera m'mudzi wa asodzi m'mbali mwa Shire. Sindinkadziwako munthu. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuyang'ana nyumba monga kalata inanenera, ndikudziona ngati wamisala.

Sindinadutse nyumba zitatu. Mayi wina amene ankayanika nsomba pathandala anandipatsa moni m'Chiyao, ndipo ataona kuti ndikudodoma anasintha chiyankhulo.

"Amayi, mukudutsa bwanji osatipatsa moni? Mukupita kwa yani?"

"Kwa aliyense ayi. Ndikungoona."

"Kuona chiyani?"

"Mudzi."

Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka zidendene. "Kwagwanji? Nenani, musaope. Wamwalira ndani?"

"Iyayi, palibe wamwalira."

Dzina lawo anali a Rukia. Anayala mkeka, n'kundipatsa madzi m'chikho. Amayi ena anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense moni wakewake, aliyense funso lomwelo. Kenaka anafika a Usumani, wapampando wachipani m'mudzimo, n'kundifunsa khadi. Ndinawapatsa. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Wakutumani ndani? Munthu sangangobwera kudzaona mudzi. Mukufuna mukanene chiyani?"

Ndikanawayankha chiyani, poti inenso sindinkadziwa chimene ndabwerera?

"Asiyeni, a Usumani," anatero a Rukia. "Simukuona maso akewa? Ameneyu zamuvuta kubanja. Ayambe wadya."

Anandipatsa mpunga ndi chambo. Ndinayesa kukana, ndikuti ndili ndi buledi wanga, ndipo amayi onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mlendo adye buledi wake pakhomo pa anthu, akamve ndani? Dzuwa litapendeka a Rukia anandimangira nsomba zouma m'kapepala, n'kundiperekeza mpaka kumsewu, akundilangiza kuti banja ndi kupirira.

M'basi yobwerera buledi uja anali pamiyendo panga, wathunthu. Ndinamuyang'ana, n'kutulutsa makalata a amuna anga. Mudzi woyamba, anadya buledi amene ananyamula. Mudzi wachiwiri, buledi. Wachitatu, buledi yemweyo. Kodi mwamuna amene ali ndi mkazi m'mudzi angadye buledi wouma wa m'thumba? Ine ndangolowa m'mudzi wachilendo, mphindi zisanu sizinakwane anandiyalira mkeka. Iwo midzi itatu, buledi yekhayekha. Sindinamvetsebe kuti ndi midzi yamtundu wanji imeneyo, koma misozi inayamba kutsika yokha, ndipo bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi anandipepesa maliro.

Kalata ya a Blasius sindinaiponye. Ndinalemba yanga, yaifupi: "Bambo a Martina, kuno tili bwino, chimanga chamasula. M'midzi mukuyendamo, alipo amene anakupatsaniko madzi akumwa?"

A Blasius atamva anati ndine wopusa, ndipo kwa masabata asanu sanandiyankhule. Yankho litabwera ndinakawawerengera ndekha.

"Iyayi, mayi a Martina, palibe. Ndimapita kumidzi chifukwa m'chipinda changa ndimatha Loweruka lonse osamva mawu a munthu. Chithunzi chija ndinachita kupempha munthu wodutsa, ndipo atandijambula sanandifunse ndi dzina lomwe."