Singano Yosongoka

Mtchona analowa m'kashopu ka wokonza mawailesi atafukata galamafoni ngati mwana wodwala. Atatha zaka makumi atatu ali kunja, anabwera n'kupeza msewu wakwawo unasintha dzina, mkazi wake ali kumanda, ndipo pansi pa sutikesi ya malemuyo pali mbale imodzi yakuda: nyimbo za kwaya imene ankaimbamo ali mtsikana. Mtchona anauza wokonza mawailesiyo kuti ankangofuna kumvanso mawu a mkaziyo, olo kamodzi. Koma mbaleyo inkangoti waaa, ngati mvula pamalata.

"Achimwene, mbale ndi m'bale sizisiyana," anatero wokonzayo akuipukuta ndi kansanza. "Ukazitaya nthawi yaitali zimakuyankha mong'ung'udza."

Mtchona sanaseke.

Wokonzayo anakhuthula tisingano tiwiri kuchokera m'kabotolo ka mankhwala.

"Iyi nsonga yake njobulungira. Imayenda pamwamba pa mzere, pomwe panaperepeseka kale. Ili ndi ulemu, imabisa zambiri. Inayi njosongoka, imalowa pansi pomwe singano yakale sinafikepo. Koma ndi yamiseche: imaulula zonse, ndi zomwe simunafunse."

"Ikani yamisecheyo."

"Kunja kuja anakuphunzitsani phuma, eti?"

Anaimanga, natsitsa mkono wa galamafoni pang'onopang'ono. Mvula ija inakata. Kwaya imene inkamveka ngati chimulu chimodzi inagawikana: amayi asanu ndi mmodzi, aliyense ndi mmero wake. Wina ankakoka mpweya mokweza, wina ankachedwa kulowa.

Mtchona anagunditsa khutu pa sipika. Wa mawu oondayu kodi? Kapena wonjenjemerayu? Kunja kuja, akamwa, ankalumbira kuti mawu a mkazi wake angawatole ngakhale pakati pa msika. Nyimbo inatha. Anati ibwerezedwe. Inabwerezedwa katatu.

"Ndiye alamu athuwo ndi ati pamenepa?" anafunsa wokonzayo mokondwa, ponyadira ntchito ya manja ake.

Mtchona anayang'ana pa shelefu, pomwe mawailesi akufa anandandalikidwa, fumbi lili mbuu, kudikira eni ake amene anati abwera mawa.

"Ichotseni. Ikani yobulungira ija."

"Aaa, achimwene, iyo ndiye yaphokoso!"

"Ndamva. Ikani."

Wokonzayo anapukusa mutu, nasintha singano. Mvula inayambanso kugwa pamalata. Mtchona anakhala pa kabenchi, natsinzina. Penapake pansi pa phokosolo, pomwe palibe akanamufunsa kuti aloze, mkazi wake ankaimba.