Sekoya wa Tupochile

Tupochile anaphunzira za nkhalango ku Dedza, ndipo anagwira ntchito zaka zinayi ku Chikangawa asanakwatiwe ndi Fraser. Kenako Fraser analembedwa ntchito ndi bungwe lina lalikulu loona za chakudya, moyo wawo n'kukhala wongomanga ndi kumasula katundu: Addis Ababa, Dakar, Juba, kenako Nairobi. Kulikonse kumene ankafika, Tupochile ankadzala maluwa m'miphika, podziwa kuti pakatha zaka zitatu adzaisiyira anansi.

Nyumba ya ku Runda, ku Nairobiko, inali ya lendi monga zinzake zonse, koma inali ndi bwalo lalikulu, kapinga yekhayekha mpaka kumpanda. Mwana wawo Watipa, yemwe ankaphunzira ku California, atabwera pa holide anabweretsa kaenvulopu ka njere za sekoya, mtengo wa makungwa ofiira umene umatalika kuposa nyumba ya nsanjika makumi awiri.

"Ndangokutengerani kuti muone, amayi," anatero Watipa. "Akuti kuno sungamere. Umafuna chisanu."

Tupochile anathira njerezo mumchenga wonyowa, m'kachitini ka majarini, n'kuziika m'firiji milungu isanu kuti zimve kuzizira. Pa njere makumi anayi zinamera zisanu ndi imodzi. Mbande zinayi zinawola ndi mvula ya mu Epulo, ina inauma popanda chifukwa chooneka. Yotsalayo itafika m'mawondo, anapempha chilolezo kwa mwini nyumba, n'kukumba dzenje pakati pa bwalo, kutali ndi mpanda ndi mapaipi.

Fraser anamupeza ali m'dzenjemo, dothi lofiira lili mpaka m'zigongono.

"Mukudzala pansi? Pakhomo pa eni?"

"Eya, pansi."

"Mtengo umenewu akuti umakhala zaka masauzande. Ife kontrakiti yathu ndi ya zaka zingati?"

"Kontrakiti ndi yanu, bambo a Watipa. Ine ndilibe."

Fraser anaseka, nalowa m'nyumba.

Panapita zaka zitatu. Mtengowo unamupitirira Tupochile msinkhu, wosongoka kumwamba, masamba ake obiriwira motuwirako, okanda m'manja. Tsiku lina Fraser anabwera kuchokera ku ofesi ku Gigiri nkhope ili mwee. Anali atamukweza, ndipo anayenera kukayamba ntchito ku Roma pakatha miyezi iwiri. Anali atavomera kale. Anthu onyamula katundu analinso atawauza tsiku lobwera.

"Mwandifunsa?" anatero Tupochile.

"Nanga pamenepa pali chofunsa? Ndi Roma, mayi a Watipa. Akutipatsa fulati yabwino, ya khonde lake. Mukaika miphika yanu."

"Ine sindipita."

"Chifukwa cha mtengo?"

"Ndakutsatirani mayiko anayi osatsegula pakamwa. Mwana wakula. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo chinthu chokha chimene ndadzala pansi chichokereni ku Chikangawa ndi icho chili panjacho. Pitani mukagwire ntchito. Sindikukuletsani."

Fraser sanakhulupirire. Ataona kuti sabata yatha mkazi wake osakhudza katoni n'imodzi yomwe, anakadandaula kwa Mayi Lily, mtsogoleri wa amayi achimalawi amene ankapemphera nawo limodzi. Mayi Lily anabwera Loweruka masana ndi Baibulo m'chikwama. Anamwa tiyi, anayamikira makatani, kenako analowa m'nkhani.

"Anzanga, banja ndi kupirira. Anthu akamva kuti mwasiya mwamuna chifukwa cha mtengo, adzati chiyani? Si wa zipatso n'komwe."

"Sindinamusiye. Akupita ndi iyeyo, ine ndili pompano."

"Mwamuna yekha kudziko la eni, mukudziwa zimene zimachitika."

"Ngati a Fraser akufunika mlonda pa msinkhu umenewu, akamulembe komweko," anatero Tupochile, akuwonjezera tiyi m'kapu ya mlendoyo. "Pempherani nane, Mayi Lily, ndilandira. Koma zolongedza ayi."

Vuto linali loti nyumbayo inkalipiridwa ndi bungwe, ndipo mwini wake anali atanena kale kuti iwo akatuluka amanga dziwe losambiramo pabwalopo. Tupochile anayamba kufunsafunsa kwa anthu ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu wa Limuru. Mmodzi anamuuza za masisitere a ku Tigoni, kumtunda kwa minda ya tiyi, amene anali ndi nyumba yopumulirako alendo ndi malo aakulu osowa wowasamalira. Anapita ndi setifiketi yake ya ku Dedza, pepala litachita chikasu m'mbali. Sisitere Wairimu, mkulu wa pamalopo, anayenda naye m'munda ola lathunthu, akumufunsa mayina a mitengo ndi matenda ake. Pomaliza anati amuthandiza ndi mapepala a chilolezo chogwirira ntchito, ndipo amupatsa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi.

"Ndili ndi mtengo wanga," anatero Tupochile. "Ndibwera nawo."

"Waukulu bwanji?"

"Panopa ngwaung'ono. Koma mundipatse malo oti pasadzamangidwe kanthu."

Anayamba wakumba ngalande mozungulira mtengowo, n'kudula mizu yakutali, n'kuusiya mwezi wathunthu kuti uzolowere. Tsiku lozula anabwera amuna asanu ndi lole. Anakulunga chibuma cha mizu m'masaka onyowa, n'kuchimanga ndi zingwe. Fraser anaima pakhonde manja ali m'thumba. Tupochile anakwera kumbuyo kwa lole atagwira thunthu kuti nsonga isathyoke, ndipo sanacheuke potuluka pageti. Misozi inabwera atafika cha ku Ruaka, koma mphepo inaiumitsa.

Fraser ananyamuka kupita ku Roma patatha masiku khumi. Mwezi woyamba sanaimbe foni. Mtengo nawo unafiira mbali imodzi, nthambi zam'munsi n'kuuma. Masisitere ankaudutsa mwakachetechete ngati akudutsa wodwala. Tupochile ankauthirira m'mawa uliwonse, anaphimba tsinde ndi masamba owola, ndipo anakana atamupempha kuti audulire. Nthawi zina ankadzifunsa ngati sanapenge. Koma kukacha ankavala majombo, n'kukalondolera antchito kumene anayamba kudzala mitengo ya m'dziko momwemo kutsetsereka kumtsinje.

Mu Julaye nkhungu ya ku Tigoni inkakhala mpaka dzuwa lili paliwombo. Kunsonga za nthambi kunatuluka timasamba tatsopano, tofewa. Anajambula chithunzi n'kutumizira Watipa yekha.

Lamlungu lotsatira foni inalira akuchokera ku Misa. Anali Fraser. Anafunsa za thanzi, za mvula, anadandaula kuti mawondo akumuvuta ndi masitepe. Za mtengo sanafunse.

"Mu Disembala ndili ndi tchuthi cha milungu itatu," anatero. "Mubwera?"

"Disembala ndi nthawi yosamalira mbande. Sindingachoke."



"Ndiye maminibasi a ku Tigoni amakwerera pati?" anafunsa Fraser.