Fayilo Inatsala Pabedi

Amuna anga anali ndi mdani mmodzi yekha padziko lino, ndiye penisilini. Tidakali achinyamata anawabaya kamodzi, nkhope n'kutupa, pakhosi n'kutsekeka, ndipo anapulumuka mwa chisomo chokha. Kuchokera tsiku limenelo, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ine ndinali mlonda wawo. Wovala zoyera aliyense akawayandikira ndi jakisoni, ndinkayamba kulankhula moni asanamalize.

Atawagoneka m'wodi ya amuna chifukwa cha shuga, ndinauza dokotala, ndinauza namwino, ndinauzanso mayi wokolopa. Dokotala analemba za penisiliniyo ndi cholembera chofiira pachikuto cha fayilo ine ndikuona, n'kuikoloweka kumiyendo kwa bedi. Linali bedi nambala 9, pafupi ndi zenera.

"Mayi a ana, mphaka wa kukhitchini mwamuuza?" anandiseka. "Watsala yekhayo."

Anali kalipentala, ndipo ngakhale ali ndi kampaipi ka mankhwala padzanja, sankaleka kugwedeza kakabati ka pambali pa bedi. "Amene anakhoma aka akalape," ankatero, wodi yonse n'kuseka.

Tsiku lachitatu, chakumasana, anabweretsa agogo ena odwala chibayo. Anawaika pabedi nambala 14, pakona, moyang'anizana ndi chitseko cha chimbudzi. Kumeneko mphepo siinkafika. Agogowo ankapuma ngati akukwera phiri atasenza katundu, mwana wawo wamkazi akuwakupiza ndi chidutswa cha katoni, misozi ili mbwembwembwe.

"Tiwapatse zenera agogowa," anatero amuna anga. "Ine mawa ndikutuluka. Fungo la tsiku limodzi silipha munthu."

Mtima wanga unasangalala. M'mawa womwewo tinali titaimba motsitsa mawu nyimbo ya kukonda mnansi, ndipo ndinati Ambuye atipatsa mnansi wake pompano. Ndinapita kukapempha kwa namwino. Anali yekha pa odwala makumi asanu ndi limodzi, akuthamanga ndi botolo la diripi. "Ndikubwera, mayi," anatero osatembenuka. Tinadikira. Sanabwere. Milomo ya agogo inayamba kuda.

Tinasinthana mabedi ndi agogowo. Ndinanyamula bulangete, kapu, Baibulo, masilipasi. Fayilo sindinaikhudze. Pakhoma panali pepala lalikulu loletsa odikirira odwala kugwira mafayilo, ndipo dzulo lake mayi wina anakalipiridwa ngati mwana pamaso pa tonse chifukwa chongotsegula ya mwamuna wake. Ine ndinaleredwa kumvera. Ndinati namwino akangobwera ndimuuza, asinthe yekha.

Belu linalira namwino asanabwere. Mlonda wa pakhomo analowa akuwomba m'manja. "Odikirira nonse panja! Nthawi ya mankhwala!"

"Achimwene, ndingoonana ndi asisita kaye. Mawu awiri okha."

"Aliyense ali ndi mawu awiri, mayi. Panja."

"Tasintha mabedi, mafayilo sanasinthe."

"Ndiwauza. Tiyeni, tiyeni."

Ndinayang'ana m'mbuyo. Amuna anga anali atagona tulo, dzanja la kampaipi lili pamwamba pa bulangete. Chitseko chinatsekedwa, mlonda n'kupita kukathamangitsa wogulitsa nthochi pageti.

Ndinazungulira kuseri, kuponda m'maluwa, mpaka pazenera lija. Agogo anali pamenepo, akupuma bwinoko. Kudutsa pamwamba pawo ndinaona tebulo la mawilo la mankhwala likulowa. Amene ankalikankha sanali namwino uja. Anali atasinthana ntchito. Uyu anali mtsikana amene sindinamuonepo, ndipo anayambira kukona.

Ndinamenya galasi ndi chikhatho. "Asisita! Asisita! Bedi 14 ayi!"

Mazenera onse anali ndi anthu. Wina ankaitana kuti diripi yatha, wina kuti bambo ake asanza. Tsiku lililonse timafuula choncho, ndipo anamwino anaphunzira kusamva kuti ntchito iyende. Mtsikanayo anatsegula fayilo ya pabedi 14, fayilo ya agogo, n'kuwerenga mosamala ndi chala. Anakoka m'kabotolo penisilini wolembedwera agogo, anayang'ana pa kuwala, anagwira dzanja la amuna anga mofatsa kuti asawadzutse. Ndikuchitira umboni pamaso pa Mulungu, anachita zonse mwaulemu. Chimodzi chokha sanachite: kuwadzutsa n'kuwafunsa kuti ndinu ndani.

Ndinathamangira kuchitseko. Mmene mlonda ankabwera ndi kiyi, m'katimo munali kale phokoso. Ndinapeza amuna anga atakhala tsonga, maso ali tong'o, manja pakhosi. Mtsikana uja ankagwedeza kabati ya mankhwala a mwadzidzidzi. Inali yokhoma. Kiyi anali ndi sisita wamkulu, ndipo sisita wamkulu anali ku msonkhano kuofesi, wokambirana za kusamalira bwino odwala. Anafika akuthamanga, kope lidakali m'manja. Anayesa. Dokotala anayesanso, mpaka thukuta. Ine ndinagwada pasimenti ponyowa pakhomo pa chimbudzi, kuitana Dzina limene ndaliitana moyo wanga wonse, ndipo kumwamba kunali zii.

Patatha sabata ziwiri chiikireni maliro, anandiitana kuchipatala. Anandikhazika pampando wofewa, n'kundipatsa tiyi m'kapu yokhala ndi kambale kake. Panali akuluakulu atatu. Anapepesa ndi mawu abwino. Anati aphunzirapo kanthu, ndipo kuyambira tsopano wodwala aliyense azivala kalamba kolembedwa dzina padzanja.

"Timalambato munatipeza kuti msanga chonchi?" ndinafunsa.

Anayang'anana. Wamkulu wa anamwino anati tinalipo kale m'sitolo, makatoni anayi, kungoti ankadikira tsiku loti akhazikitse ndondomekoyo mwamwambo, alendo atabwera.

Kenako anandisunthira pepala kuti ndisaine, kusonyeza kuti andifotokozera. Ndinavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono. Pamzere wa chimene chinayambitsa ngozi analemba kuti wodikirira wodwala anasamutsa wodwala popanda chilolezo.

"Za kiyi wa kabati zili pati?"

"Zimenezo tikonza mwa ife tokha, mayi."

"Nanga za namwino mmodzi pa anthu makumi asanu ndi limodzi? Za mlonda?"

"Fomuyi ili ndi mzere umodzi wokha, mayi. Sikuti tikukuimbani mlandu."

Sindinasaine. Anati palibe kanthu, lipotilo lipita momwemo.

Potuluka ndinakumana ndi mtsikana uja pakhonde. Anali ataonda, yunifolomu ikumukhuthukira. Anafuna kugwada, ndinamugwira m'mapewa. "Iwe mwanawe, dzuka," ndinatero. Ndi msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Tinalira limodzi anthu akutilambalala ndi machira.

Kutchalitchi ndimapitabe, pabenchi pathu pomwe paja. Nyimbo ndimaimba. Koma tikamanena pamodzi pemphero lija la tonse, tikafika pa mawu a kukhululukira otilakwira, pakamwa panga pamauma. Abusa akuti ndi nkhani ya nthawi. Sindinawauze kuti vuto si kuuma mtima. Ndafunafuna woti ndimukhululukire, ndipo pepala la kuchipatala, lodindidwa chidindo, likuti munthuyo ndine.