Fani Yolira Ikatembenukira Kumanzere

Kwawo amamutchula Namasula, chifukwa chiyambire ali mwana chilichonse chomangidwa ndi sikuluwu chimamuyabwa m'manja. Digiri ya uinjiniya wa makina anaitenga zaka zitatu zapitazo, koma ntchito yake inali yosita zovala za anthu kushopu ya azakhali ake. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka kutopa nawo, ndipo yoyamba kumuitana inali kampani ina yopanga ndowa zapulasitiki. Malo anali amodzi basi.

Tsiku la intavyu anapeza anzake khumi ndi awiri atandandalika pamabenchi, aliyense envulopu pamwendo, milomo ikung'ung'udza zoloweza. Azakhali anali atamuchonderera m'mawa kuti lero lokha manjawo awamange.

Koma fani yomwe inali pakhoma pamenepo, abale! Ikatembenukira kumanja inkapita mwakachetechete, ikabwerera kumanzere n'kulira kuti kwee. Enawo sankaimva n'komwe. Namasula anayesa kuwerenga manotsi ake, koma mutu unakana. Likanakhala vuto la mota, bwenzi ikulira mbali zonse. Nanga kumanzereko ikukumana ndi chiyani? Anthu asanu ndi atatu atalowa n'kutuluka, analephera kupirira. Anavula jekete, n'kukwera pabenchi ndi kasikuludiraiva ka pamakiyi ake. Kunali kamkono kotembenuza mutu wa fani, kanali katakhwepa. Anakamanga, phokoso lija zii.

Asanatsike, sekilitale anasuzumira pakhomo. Ataona mayi wopanda jekete, zala zili bii ndi girisi, anathokoza kuti amisiri afika tsopano, fani ya m'chipinda cha mabwana nayonso yafa ndipo anthu akupsa ndi kutentha. Namasula anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma chomwe chinatuluka chinali funso lakuti yafa bwanji, ikung'ung'udza kapena yangoti duu. Anapezeka ali m'katimo, ataima pampando kuseri kwa mabwana atatu.

Kutsogolo kwawo kunali mnyamata wa suti yotuwa, thukuta lili kamukamu. Bwana wamkulu, bambo wadazi, anamufunsa chifukwa chimene ndowa imatulukira m'chikombole mbali ina yokhuthala, ina yopyapyala. Mnyamata anatchula mabuku awiri ndi mphunzitsi mmodzi, yankho osaoneka. Mabwana anamuthokoza, iye n'kutuluka.

Kenako Namasula anamva sekilitale akuitana dzina lake lenileni panja. Masikuluwu anayi anali atawaluma pamilomo monga amachitira nthawi zonse, manja onse awiri atanyamula mota yomwe inali lende pa waya umodzi. Kuisiya, ikanagwera padazi la bwana. Dzina linaitanidwa kachiwiri, kachitatu. Sekilitale anabwerera kudzanena kuti ameneyo wangosiya jekete, mwini wake sakuoneka. Bwana wamkulu anakhwatcha dzinalo, akudandaula kuti achinyamata a masiku ano mapepala mbwee, koma nzeru ndi ulemu zinawathawa.

Zinamupweteka Namasula, misozi inalengeza. Komabe anamanga masikuluwu aja imodziimodzi mpaka pakamwa panayera, fani n'kuyamba kuzungulira. Ali pampando pomwepo anati, "Za ndowa zija, bwana, chitsulo cham'kati mwa chikombole chasuntha, sichili pakati penipeni. Pulasitiki imathamangira mbali yomwe kuli mpata waukulu. Yang'anani mapini olondolera, mupeza aperepeseka."

Mabwana atatu aja anatembenuka pamodzi. Wadaziyo anaseka mpaka kumenya tebulo, n'kuuza anzake kuti aone, wokonza mafani waposa madigiri onse ali panjapo.

"Mayi," anatero mwachisoni ndithu, "mukanapita kusukulu inu, bwenzi muli injiniya woopsa."

Namasula anatsika, n'kupukutira girisi pasiketi yake yatsopano. Anazungulira tebulo, nakoka mpando womwe anakhalapo mnyamata uja, n'kukhala.

"Dzina mwakhwatchalo lilembeninso, bwana, ndi langa. Funso lachiwiri ndi lotani?"