Lamulo la Chingelezi M'nyumba ya Dyton

Rhoda anapsa mtima tsiku limene mayi wina pampopi, ku Matero, ananena Salome, mwana wa Rhodayo, kuti ndi chitsiru. Munali mu 1975. Mwanayo anali ndi zaka zinayi, koma akafuna madzi ankangoloza ndi chala.

Chomuwawa kwambiri, gwero la vutoli ankalidziwa. Mwamuna wake Dyton, mesenjala wa mu ofesi ina m'tauni, analamula kuti Salome azimva Chingelezi chokha kuti adzapeze ntchito yabwino. Koma Chingelezi cha Rhoda sichinkakwana mawu khumi. Poopa kukalipiridwa, ankamusambitsa mwana ali duu, kumudyetsa ali duu. Ngakhale nyimbo zoletsera mwana anazisiya.

Sabata ina Salome analira masiku atatu osatonthozeka. Loweruka makolo onse awiri anapita naye kukiliniki.

"Ni pati pamene pababa, mwana wanga?" anafunsa namwino, ba Mwaba, pofuna kudziwa pamene pakumupweteka.

Salome anangoti maso tuzu. Namwinoyo atamupima, anapeza khutu lodzaza mafinya.

Rhoda sanathenso kudzigwira. "Mwaona, batate ba Salome? Masiku atatu mwana avutika, osadziwa na liu lakuti khutu! Munanitseka pakamwa ine, mwana nayenso watsekeka!"

Ba Mwaba atamva za lamulolo anakwiya. "Ba Dyton, mufuna kukolola pamene munaletsa kubyala? Mwana atola mawu kwa bamene akhala nabo. Chizungu azachipeza kusukulu. Lekani bamake bakambe naye chitundu chamene badziwa. Bamuuze maina ya vinthu, bamuimbire, akafunsa muzimuyankha."

Dyton anangowerama. "Nenze kuganiza nimuthandiza," anatero.

Kuyambira tsikulo Rhoda anamasuka. Pochapa ankatchula sopo, thovu, beseni. Pamsika ankamugwiritsa Salome tomato, impwa ndi kapenta, n'kumufunsa kuti chofiira ndi chiti. Dyton akaweruka ankamufotokozera za mabasi ndi sitima zimene waona m'tauni.

Mvula isanagwe, Salome anamuchingamira bambo wake pakhomo. "Batate, sitima imagona kuti? Nanga imadya chani?"

Dyton anakhala pansi ndi jekete lake, n'kuyamba kuyankha.

Makolo, sukulu yoyamba ya mwana ndi pakamwa panu. Lankhulani naye tsiku lililonse m'chinenero chimene mumachidziwa bwino. Mwana womanidwa mawu si chitsiru, ndi wolakwiridwa.