Khutu la Atate

Atate anga sindinawaonepo. Anafera mumgodi ku Mindolo ine ndili m'mimba. Anatisiyira chithunzi chimodzi chokha, cha tsiku limene nkhondo ya ku Burma inatha. Pakati paima mzungu, mkulu wa asilikali, mamendulo mbwee pachifuwa. Kumphepete kwenikweni kukuoneka phewa, khutu ndi theka la nkhope ya msilikali wakuda. Amayi ankaloza pamenepo n'kunena kuti, "Atate ako awa."

Mzunguyo ngakhale dzina sitimudziwa. Wakhala pakhoma pathu zaka zonsezi chifukwa cha khutu limenelo basi.

Chaka chino maso anga ayamba kuchita nkhungu, ndipo adokotala sanandibisire kuti akupita. Ndinati asanatsekeke ndiwaoneko atate ali aakulu. Ndinakwera minibasi kuno ku Twapia mpaka m'tauni, kwa Mathias wojambula zithunzi.

"Undikulitsire msilikali uyu, mwanawe," ndinatero, chala chili pakhutu paja.

"Musadandaule, amayi," anayankha, maso ali pafoni.

Nditabwererako anandipatsa chifelemu chachikulu, akumwetulira ngati wandiphera mbuzi. Munali mzungu yekhayekha, ndevu zochita kuwerengeka.

"Nanga wakumbali uja?"

"Mbali ija inadyeka ndi mphemvu, amayi. Ndinayamba ndaidula kuti ntchito ioneke bwino. Chakale chija nachi."

Chinali chodulidwa mowongoka bwino, ndisaname. Mwanayo sizasi amaidziwa.

"Kachidutswa unadulako kali kuti?"

Analoza panja, padiramu pamene amawotchera zinyalala.

Ine Mainess, amene makondakitala a ku Twapia amandiopa pakamwa, ndinangotuluka panja osamukalipira. Misozi nayo sinabwere. Ndinakasuzumira m'diramumo, ndinapeza phulusa ndi chitini cha nsomba. Ndinatakasatakasa ndi kamtengo, kenako ndinaona kuti ndikungodetsa chitenje. Ndinabwerera mkati, ndinati zikomo, ndinanyamula mzungu wanga kukhwapa. Mumtima munalibe kanthu, munangoti zii.

Kunyumba ndinamupachika pamsomali womwe uja. Felemuyo ndi yolemera, imapendekeka, ndipo sindinaiwongole.

Mdzukulu wanga Zipporah atabwera kuchokera kukwaya anaima pakhomo n'kuyang'ana khoma nthawi yaitali. Nkhani ya khutu amaidziwa kuyambira ali wakhanda.

"Agogo, nanga ameneyu mukumusungiranji tsopano? Ndimuchotse?"

"Musiye," ndinatero. "Ndi yekhayo watsala amene anaima pafupi ndi atate."